AChikolopa ndi Mapale Akuda

Apongozi anga akati akubwera kwanu, musadzivute ndi kukonza m'nyumba, adzakonzanso okha. Tsiku limene ndinakaonekera kwawo anandilandira bwino ndithu, kundikumbatira, kundifunsa za makolo anga, koma maso ali pa kapu imene ndinali nditangotsuka. Nditangotembenuka ndinamva mpopi ukutuluka madzi. Kapu ija inali ikutsukidwa kachiwiri.

Anagwira ntchito yokolopa m'chipatala kuyambira ali mtsikana mpaka imvi mbuu, ndipo anzawo a kuntchito ndi amene anawapatsa dzina loti aChikolopa. Iwo sadana nalo. Amati mu wodi yawo wodwala akagwetsa piritsi ankangotola n'kumwa, osaopa kanthu. M'chikwama chawo cha m'manja, mmene anzawo amasungamo mafuta odzola ndi maswiti a adzukulu, iwo ankayikamo sopo, kansalu ndi waya wokwechera mapoto. Sindikuwonjezera ayi, ndinaziona ndi maso angawa.

Amuna awo anali makaniko, munthu wamtali zedi, manja bii ndi girizi chaka chonse, chala chamkombaphala cha kumanja chodukira pakati chifukwa lamba wa injini anachidya adakali mnyamata. Polowa kukhitchini ankawerama, dzanja atagwira pamwamba pa felemu ya chitseko, n'kufunsa kuti, "Kodi tiyi wapsa?" Amayi m'malo moyankha ankakuwa kuti, "Manjawo!" Banja lawo linayenda choncho mpaka kukalamba, wina kudetsa, wina kupukuta m'mbuyo mwake. Atamwalira bambowo, sabata isanathe amayi anali atachapa zovala zonse n'kugawa, zitsulo n'kupereka kwa anzawo a ku galaja, bedi n'kulikwecha ndi mankhwala. Ena ananong'ona kuti mayiyu ndi wouma mtima. Ine ndinangoona kuti mutu unali utaima, manja okha ndi amene ankadziwa chochita.

Ndiye ife tinasamukira m'nyumbamo kuti asamakhale okha, ndipo mavuto anga anayambira pamenepo. Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde. Telala amagwetsa ulusi ndi tizidutswa ta nsalu, ntchito yake ndi yotero. Koma ine ndikamapalasa makina, tsache linali kumapazi kwanga. Tsiku lina ndinadula kolala ya diresi la mwini wake, n'kudzuka kukamwa madzi. Pobwera kolala palibe. Ndinakaipeza kudzala.

"Amayi, imene ija inali kolala!"

"Aaa, aTelala, kolala yake yosaoneka ngati kolala? Bwenzi mutailemba."

Ndinakadandaula kwa bambo a ana. Iwo anangoti, "Apirire, ndi amayi," n'kutenga nyuzipepala. Amuna, abale inu!

Chipulumutso chinabwera chitavala chipewa. Ndinali ndi kasitomala wina, mayi wowonda wa chipewa chachikulu cha khaki, amene sankachivula ngakhale pomuyeza khosi. Ankabweretsa mathalauza kuti ndiwasokerere matumba, kutsogolo, m'mbali, pa bondo. Nditafunsa kuti matumba onsewa ndi a chiyani, anandiuza kuti amaphunzitsa zofukula zinthu zakale, ndipo Loweruka lililonse amatenga gulu la anthu akuluakulu, opuma pantchito ndi ena ongofuna kudziwa, kupita nawo ku nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi kumabwinja kumene kunkakhala anthu kalekale.

"Loweruka lonse?" ndinafunsa. "Kuchoka m'mawa, kubwera madzulo?"

"Nthawi zina dzuwa litalowa."

Ndinasiya makina. Tsiku lomwelo ndinawalembetsa apongozi anga kwa aChipewa.

Ulendo woyamba ndinawaperekeza, kuopa kuti angatsike panjira. Tinapita ku myuziyamu, nyumba yozizira, ya makabati a magalasi mizere mizere. Munali mikanda, mipeni ya miyala, makasu odyeka ndi dzimbiri. Amayi ankayenda manja atapinda pachifuwa, nkhope ili ngati akuyendera wodi ya munthu waulesi. Titafika pa kabati ina anaima. Munali mphika wosweka m'mphepete, wakuda bii ndi mwaye.

"Kalanga ine! Mwini wake analibe mchenga? Mphika wosatsuka mpaka kuuika pagalasi kuti dziko lonse lione?"

Gulu lonse linaseka, makamaka bambo wina wonenepa amene kale ankagwira ntchito ku positi ofesi, aPositi. AChipewa nawonso anaseka, kenako anayamba kufotokoza kuti mwaye umenewo ndiye chuma chake, chifukwa akaupima ndi makina umanena kuti motowo unayaka liti, ndipo zopserera za m'kati zimanena chimene chinaphikidwamo. Ine ndinamva bwinobwino. Koma amayi nthawi imeneyo anali atapita kale pa kabati yotsatira, kansalu kali m'manja, akupukuta zala za ana asukulu pagalasi, mlonda akuwayang'ana kukamwa yasa.

Pobwerera ndinkati anena kuti sadzapitanso. Koma Loweruka lotsatira ndinawapeza atavala kale nsapato ine ndisanadzuke. Anapita kuphiri kumene kuli makoma a miyala osanjikiza popanda simenti. Anapita kuphanga la zithunzi zofiira, kumene anakwawa ndi mawondo, iwo amene amati bondo limawapweteka akangoona masitepe. Anapita kukaona ng'anjo yakale yosungunuliramo chitsulo, n'kubwera akunena kuti amuna awo akanaikonda. Aka kanali koyamba kuwatchula bambowo chimwalirireni.

Lamulo loyamba la aChipewa linali lakuti ukaona chinthu pansi usatole. Uime, uitane anzako, uike lula pambali pake, ujambule, chifukwa chinthu chikachoka pamalo pake chasiya nkhani yake pomwepo. Kwa munthu amene watola za pansi moyo wake wonse, lamulo limeneli linali chilango. AChipewa anachita kuwauza kuti aziyenda manja ali kumbuyo. APositi ankayenda pambali pawo n'kumawakumbutsa kuti, "Manjawo, aChikolopa!" Amayi atandifotokozera zimenezi anaseka mpaka misozi, ndipo ine ndinazindikira kuti kuseka kwawo ndinali nditakuiwala.

Zinafika mpaka pakhonde panga. Tsiku lina anaima pa dengu limene ndimatayamo zidutswa za nsalu, ine n'kuti basi, tsache layambanso. Koma ayi. Anagwada n'kumayang'ana m'mbali mwa dengulo.

"ATelala, za pansi ndiye zakale, za pamwamba ndi za dzulo. Apa pofiira ndi pamene munkasoka mayunifolomu. Apa pali nsalu ya makatani a aneba. Nanga apa palibe kanthu, munkadwala?"

"Ndinkadwaladi, Amayi."

"Mwaona? Dothi nalonso limatero." Anadzuka n'kuchoka, dengu osalikhudza. Ndinatsala pang'ono kuvina.

Kenako kunabwera nkhani ya ulendo waukulu. Nyengo ya dzuwa ikafika, aChipewa ankapita kukakumba kwenikweni, kugona m'matenti, ndipo ankatenga anthu ochepa a m'gulu lija, okhawo amene awakhulupirira. Amayi sananene kuti akufuna kupita. Anangobwera ndi nsalu ya khaki n'kuiika pa makina anga.

"Ya chiyani, Amayi?"

"Thalauza. La matumba ngati la aphunzitsi."

"Inu thalauza? Chibadwire munavalapo?"

"Sokani, musandifunse ngati apolisi."

Ndinasoka. Anayesa atatseka chitseko, kenako analipachika kuseri kwa chitsekocho, pamene ankaliona akagona. M'mawa uliwonse ankazungulira nyumba ndi ndowa ya madzi kuti bondo lizolowere kunyamula. Chiyambireni ukwati wanga ndinali ndisanawaonepo akufuna kanthu ka iwo eni.

Loweruka limene zinthu zinasokonekera, gulu silinapite kutali. Linali m'chipinda cha kuseri kwa myuziyamu, likuphunzira kutsuka mapale, zidutswa za miphika yakale zimene aChipewa anafukula chaka chatha. Mwamva bwino, kutsuka. Amayi anachoka kunyumba akuimba, mpaka kuiwala magalasi awo pa tebulo. Ndinati ndiwapititsire, popeza ndinkapita kukagula ulusi komweko.

Zimene zinachitika ndisanafike anandiuza aPositi. Aliyense anapatsidwa beseni la madzi ndi mswachi wofewa, kuti azichotsa dothi lokha, pang'onopang'ono. Amayi anamaliza mulu wawo anzawo asanafike pakati. Nthawi ya tiyi itakwana onse anatuluka, iwo n'kutsala, ati tiyi wa m'makapu a eni ake samwa. Poyang'anayang'ana anaona pa shelefu ya pamwamba thireyi, m'menemo muli mapale okulunga bwinobwino m'mapepala onyezimira. Anatsegula limodzi, lakuda bii. Anatsegula lina, chimodzimodzi, m'kati muli zopserera zokhuthala. Mumtima anati aphunzitsi abisa amenewa chifukwa mswachi walephera, akuchita nawo manyazi. Ndiye anatsegula chikwama.

Ine ndinalowa limodzi ndi gulu pochokera ku tiyi. Pa tebulo panali mapale atandandalikidwa pa nsalu, ofiira, osalala, waliwali. Madzi akuda anali atathiridwa kale mu sinki, sinkiyo n'kutsukidwa. Amayi anaima pambali, waya uli m'manja, akumwetulira.

"Aphunzitsi, aja anakukanikani aja ndi awa."

AChipewa anayang'ana pa shelefu, anayang'ana pa tebulo. Kenako anavula chipewa. Tonse tinali tisanaonepo mutu wawo, ndipo palibe anaseka. Anakhala pa mpando, n'kutola phale limodzi, n'kulitembenuza.

"Amayi, amenewa ndinawapatula dala. Mwezi wa mawa amapita kukapimidwa. Pamalo ponse paja, mapale a mwaye anali okhawa." Mawu awo anali otsika, bola akanakalipa. "Chimene munthu uja anaphika komaliza mumphika mwake chinali apa. Chakhala m'dothi zaka zosawerengeka osachoka. Lero chapita mu sinki."

"Ndimati ndikuthandizeni."

"Ndikudziwa. Nanenso ndinalakwa kusalemba pa thireyi. Koma munafunsa ndani? Loweruka muzibwera, sindikukuthamangitsani. Kokumba kokha sindingakutengeni. Kumene kuja chinthu ukachiwononga sichibwerera, ndipo manja anuwa sindikuwakhulupirira."

Ine ndi amayi tinakwera minibasi. Tikufika kunyumba anachotsa thalauza lija kuseri kwa chitseko, kulipinda, n'kuliika pansi penipeni pa sutikesi. Loweruka linafika, nsapato sanavale. APositi anaimba foni, iwo n'kuti ndinene kuti akusamba. Anaimbanso Loweruka lotsatira, akusambabe.

Tsono kukwecha kumene kunayamba m'nyumbamo! Anakwecha mapoto mpaka lina kubowoka. Anachapa makatani ochapa kale. Mphaka anasamukira kwa aneba. Ine zinkandikwiyitsa, sindinama, koma chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ankakwecha ali chete, ngati mmene anachitira sabata ya maliro ija. Ndinawauza bambo a ana kuti amayi anu akutha. Ulendo uno nyuzipepala anaiika pansi, n'kunena kuti mwina tipente khitchini, apeze chowatangwanitsa. Nzeru zawo zinali zomwezo, koma ndinavomera.

Penti asanapake, khoma limayamba latsukidwa. Amayi anatenga za m'munsi, ine n'kukwera pa mpando kutsuka za m'mwamba. Nditafika pa chitseko cha khitchini ndinasuzumira pamwamba pa felemu, pamene munthu woima pansi saonapo, ndipo mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Panali pakuda! M'nyumba ya aChikolopa munali malo akuda! Mwayi wotere sindikanausiya.

"Amayi, tabwerani! Zaka zonsezi mumatinyoza ife, pano munkapasungira ndani?"

"Mukunama inu."

"Kwerani muone nokha."

Ndinatsika, n'kuwagwira mkono. Iwo ndi aafupi, anachita kunyang'ama pa mpandopo, waya uli kale m'manja, wonyowa, sopo akudontha. Anakweza dzanja, ndipo dzanjalo linaima m'malere.

Ndinakoka mpando wina n'kukwera pambali pawo. Apa ndi pamene ndinaona bwino. Silinali fumbi. Zinali zala za girizi, zosanjikizana, zina zozilala, zina zakuda kwambiri, zonse pamalo amodzi pamene thabwa linali litasalala. Zala zitatu zazitali, china chachifupi, chodukira pakati.

Sopo anadontha pansi. Dzanja lawo linkafuna kugwira ntchito yake. Pang'onopang'ono analitsitsa, n'kulipititsa kumbuyo, linalo n'kuligwira pamkono.

"Mwananga, tenga waya uyu. Ubweretse lula ndi foni yako."

Lula ndinalibe, ndinabweretsa tepi yanga yoyezera. Anandiuza poigoneka, pambali, osakhudza. Anandijambulitsa kuchokera kumanja, kuchokera kumanzere, kenako anati nditsegule zenera kuti kuwala kubwere cham'mbali monga anaphunzirira kuphanga kuja. Misozi inkatsika, koma sanaipukute, poti manja anali kumbuyo.

"Ndinachapa zonse," anatero. "Ngakhale fungo lawo sindinasiye. Apa pokha ndi pamene sindinkafikira."

Madzulo ake anandipempha nambala ya aChipewa, n'kuimba okha. Za ulendo sanatchule n'komwe. Anangoti ali ndi chinthu chimene sakudziwa kasungidwe kake, ndipo safuna kulakwitsanso. M'mawa mwake aChipewa anafika, n'kukwera pa mpando, chipewa chikukhula denga. Anayang'ana nthawi yaitali, amayi akufotokoza za makaniko wawo ndi chala chake.

"Simunakhudze?"

"Ayi."

"Ngakhale pang'ono?"

"Waya unali m'manja, aphunzitsi. Funsani aTelala."

"Unalidi m'manja," ndinatero, "wa sopo."

"Ndipake vanishi kuti zisachoke?" anafunsa amayi.

"Musapake kanthu. Zakhala bwino chifukwa palibe anazigwira. Muzisiye choncho."

Anamwa tiyi, m'kapu imene inatsukidwa kawiri. Za mapale aja palibe anazitchula, ndipo sanabwerere mwakale, mwaye wake unapita basi. Potuluka aChipewa anaima pakhonde, n'kumayang'ana makina anga ngati akufuna kusoketsa thumba lina.

"Thalauza lija lidakalipo?"

Amayi anavomera ndi mutu.

"Pa sefa pakufunika munthu wosatopa. Kusefa dothi kokha, tsiku lonse, fumbi mpaka m'makutu. Mukaona kanthu muziitana. Beseni la madzi musaliyandikire."

"Nanga mbale zodyera?"

"Mbale tsukani mmene mungafunire."

Tsiku lonyamuka tinawaperekeza pa basi, ali mu thalauza la matumba, aPositi akuwombera m'manja pa zenera. Atakwera sitepe yoyamba anabwerera, n'kutsegula chikwama, n'kundipatsa waya wina watsopano umene anaubisa m'kathumba ka m'kati. Sopo anakana kusiya. Anabwerako atada, tsitsi lili fumbi lokhalokha, akudzitama kuti anapeza mkanda umodzi wochepa ngati njere ya mpunga, ndipo anakuwa mpaka anthu a m'matenti ena anathamanga poganiza kuti ndi njoka. Mkandawo anautola ndi aChipewa.

Khitchini tinapenta, yoyera mbee, koma wopenta anachita kulumbiritsidwa, ndipo pamwamba pa felemu panatsala momwe panalili. Kapu yanga amaitsukabe kachiwiri, musaganize kuti anasanduka munthu wina. Chimene chinasintha ndi mpando umodzi, umene tsopano umakhala pambali pa chitseko cha khitchini. Umatipingasa tonse, bambo a ana anapunthwapo kangapo, koma palibe amausuntha. M'mawa ketulo ikawira ndimawamva akuukoka. Amakwera, manja kumbuyo, n'kusuzumira pamwamba paja.

"Tiyi wapsa," amatero, n'kutsika kukathira.